Maphunziro a Chitukuko, Chikhalidwe ndi Utolankhani: Mmene Afikira kwa Ana a ku Mulanje

Maphunziro a ku yunivesite okhudza chitukuko, zikhalidwe za mitundu ya anthu ndi ntchito yofalitsa nkhani sanakhalitse m'Malawi muno. Munthu wa ku Mulanje amene anabadwa pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964 anakula osawamva n'komwe, koma lero mdzukulu wake akhoza kuwasankha pa fomu yofunsira malo ku koleji. Kusinthaku kunayenda limodzi ndi ndale za dziko, chifukwa maphunziro atatu onsewa amafuna chinthu chimodzi: ufulu wofunsa mafunso ndi kumvetsera zimene anthu wamba akuyankha.

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre, ndi ophunzira 90. Mu 1973 nthambi yake ya Chancellor College inasamukira ku Zomba. Kwa zaka zoposa 30 yunivesite inali yokhayo m'dziko lonse. Boma linkalipira pafupifupi zonse, koma malo anali ochepa kwambiri. Mwana wa wothyola tiyi ku Lujeri kapena ku Lauderdale ankayenera kuyamba wapeza fizi ya ku pulayimale, kenako asankhidwe kupita ku sekondale ya Mulanje kapena ya atsikana ya Providence, n'kukhoza bwino koposa anzake. Wotere akapezeka, dzina lake linkadziwika dera lonse la mfumu. Zimene ankakaphunzira zinali uphunzitsi, ulimi ku Bunda, umisiri ku Polytechnic, malamulo, zachuma kapena kayendetsedwe ka boma.

M'nthawi ya chipani chimodzi chitukuko chinali lamulo lochokera kumwamba. Anthu ankaumba njerwa ndi kulambula misewu pa Sabata la Achinyamata, koma sankafunsidwa chimene mudzi wawo ukusowa. Nkhani zinkamveka pa wailesi imodzi ya MBC ndi m'nyuzipepala za Daily Times, Malawi News ndi Boma Lathu, ndipo atolankhani ambiri ankaphunzirira ntchito pa ntchito pomwepo. Lamulo la 1968 linapereka mphamvu yoletsa mabuku, mafilimu ndi zisudzo. Chaka chomwecho chipani cha Malawi Congress chinagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha fuko, ndipo zilankhulo zina zinasowa malo pa wailesi ndi m'kalasi. Ku Mulanje, Chilomwe chinatsala m'kamwa mwa agogo. Yunivesite nayo inali ndi mantha: mlakatuli Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anamangidwa mu 1987 ndipo anakhala m'ndende mpaka 1991 osazengedwa mlandu.

Ngakhale zinali choncho, mbewu inali itadzalidwa. Mu 1979 yunivesite inatsegula Centre for Social Research, nthambi yofufuza za umoyo wa anthu. M'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi a zisudzo monga Chris Kamlongera ndi David Kerr ankapita ndi ophunzira m'midzi kukachita zisudzo zimene eni mudzi ankalowamo n'kufotokoza okha mavuto a madzi ndi matenda. Njira imeneyi inaphunzitsa ophunzira kuti wakumudzi ali ndi nzeru pa za chitukuko chake.

Chitseko chinatseguka ndi referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Nyuzipepala zatsopano monga The Nation zinafuna olemba odziwa ntchito, choncho kunabadwa Malawi Institute of Journalism, ndipo Polytechnic inayamba kupereka digiri ya utolankhani. Chancellor College inadzayambitsa digiri yogwiritsa ntchito wailesi, kanema ndi zisudzo pa chitukuko, komanso digiri yachiwiri ya zachitukuko. Mu 1996 MBC inayamba kuwerenga nkhani m'Chilomwe, Chiyao ndi Chisena, ndipo chaka chomwecho Centre for Language Studies inalowa m'malo mwa bungwe lakale loona za Chichewa chokha. Kanema wa boma anayamba mu 1999, wailesi ya Zodiak mu 2005, ndipo Mulanje anadzakhala ndi wailesi yakeyake ya Mzati. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linabweretsa mphamvu ku anthu kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a dera la mfumu yayikulu. Makhonsolo ndi mabungwe omwe si aboma anayamba kufuna anthu odziwa kuchita kafukufuku, kulemba mapulani ndi kulondoloza ndalama za ntchito.

Masukulu nawo anachuluka ndi kuyandikira. Yunivesite ya Mzuzu inatsegulidwa mu 1999, ya Livingstonia mu 2003, ya Katolika ku Nguludi m'boma la Chiradzulu mu 2006, ndipo Bunda inaima payokha monga yunivesite ya LUANAR mu 2012. Mu 2014 yunivesite ya MUST inalandira ophunzira oyamba ku Ndata m'boma la Thyolo, loyandikana ndi Mulanje, ndipo ili ndi sukulu ya zachikhalidwe yotchedwa Bingu School of Culture and Heritage. Mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS. Lero mphunzitsi wa ku Chitakale kapena mlangizi wa ku Limbuli amakwera minibasi Loweruka m'mawa kukachita makalasi ku Blantyre, kapena amalandira maphunziro pa foni ali kwawo.

Boma la Mulanje lili ndi zonse zimene maphunzirowa amakamba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000, ndipo malo aakulu achonde ali pansi pa maesiteti a tiyi, amene anayamba kulimidwa kuno mu 1891. Alomwe ambiri anachokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa 1900, nagwira thangata m'maesitetimo, ndipo akhala pamodzi ndi Amang'anja ndi Ayao kufikira lero. Malo olima amatsatira kuchikazi ndipo ukwati wa chikamwini ndi wofala, choncho ntchito ya ulimi yolembetsa amuna okha ngati eni minda imalakwika kuyambira pachiyambi. Mu 2008 kunakhazikitsidwa bungwe la Mulhako wa Alhomwe, limene likulu lake lili pa Chonde. Mu 2014 UNESCO inalemba gule wa tchopa m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe, ndipo mu 2025 inalembanso phiri la Mulanje, poona ulemu umene mitundu itatuyi imapereka kwa mizimu ya m'phirimo.

Namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023 anaonetsa kuti maphunziro atatuwa salekana. Chenjezo la nyengo limapulumutsa moyo pokhapokha litafika m'chilankhulo chimene anthu amamva ndi kudzera mwa munthu amene amamukhulupirira. Kusamutsa mabanja m'mphepete mwa phiri kumakhudza manda a makolo, ufumu ndi minda, osati nyumba zokha. Ntchito yotere imamuyenera bwino mwana wa komweko amene anaphunzira, wodziwa kugonjera mfumu ndi kuwerenga bajeti ya khonsolo.

Zotsalira n'zambiri. Ophunzira tsopano amalipira okha, ndipo ngongole za maphunziro zochokera ku bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2015 sizifikira onse. Sekondale zambiri za masana zilibe laibulale yokwanira kapena kompyuta, ndipo atsikana ambiri amasiyira panjira chifukwa cha umphawi ndi maukwati a ana. Omaliza maphunziro amatha zaka akufunsira ntchito, ndipo atolankhani a mawailesi a m'madera amalandira zochepa. Maphunziro amaperekedwa m'Chingerezi, mabuku ambiri analembedwa kunja, ndipo ana olankhula Chilomwe bwinobwino akucheperachepera. Kuti kusinthaku kupindulire Mulanje, mayunivesite ayenera kutumiza ophunzira kukachita kafukufuku m'midzi n'kubwerera kukafotokozera eni ake zimene apeza, kujambula ndi kusunga mbiri ya akuluakulu akadali moyo, ndi kuphunzitsa atolankhani kulemba ndi kuulutsa nkhani m'zilankhulo zimene anthu a m'bomali amalankhula.