Diso Limodzi Linapita, Koma Mwana Tili Naye

Tikulemba kuchokera ku Lichinga, m'chigawo cha Niassa. Ambiri a inu munatipempherera osadziwa bwino chimene chinatigwera. Lero tafuna kukusimbirani, kuti banja lina lisadzachedwe monga tinachedwera ife.

Mu Juni 2022, nyengo imene chisanu cha kuno chimatilowetsa msanga m'nyumba, tinaona chachilendo m'diso lamanzere la mwana wathu wamkazi wa zaka ziwiri. Nyali ikamuwalira usiku, pakati pa diso, pamene pamayenera kukhala pakuda, pankanyezimira moyera ngati diso la mphaka. Mwanayo sankalira, ankadya ndi kusewera bwino. Tinati ndi ng'ala chabe, ndipo tinangokhala. Panapita miyezi inayi, diso linayamba kufiira ndi kutupa.

Pamenepo mawu anachuluka. Ena anati mwana walodzedwa. Ena ankanong'onezana kuti m'banja mwathu muli tchimo lobisika, ndipo ifenso tinayamba kuyang'anana mokayikirana. Abusa atabwera kudzationa, anatitsegulira Yohane 9. Anatikumbutsa kuti ophunzira anafuna kupeza wolakwa pa khungu la munthu uja, koma Yesu sanaloze chala munthuyo kapena makolo ake. M'malo mwake anamutuma kukasamba ku thamanda la Siloamu. Atatha kupemphera anati, "Bambo ndi mayi, lekani kufunafuna wolakwa. Mawa mulawirire kuchipatala."

Kuchipatala cha Lichinga anatitumiza ku Nampula, ndipo kumeneko tinamva dzina la matendawo: retinoblastoma. Iyi ndi khansa yosowa, imene imagwira pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 15,000 mpaka 20,000 obadwa, makamaka osapitirira zaka zisanu. Imayambira m'kati mwa diso, pamalo polandira kuwala, ndipo ikalekereredwa imatsata mtsempha wa kuseri kwa diso mpaka ku ubongo. Ikapezeka msanga, ana ambiri amachira.

Adokotala anatiuza kuti disolo liyenera kuchotsedwa. Usiku umenewo sitinagone. Kodi kholo lingasayine bwanji pepala lotere ndi dzanja lake? Koma tinazindikira kuti kukakamira diso kunali kutaya mwana. Tinasayina misozi ili mbwembwembwe.

Popeza khansayo inali itafika kale pamtsempha uja, kuchotsa diso sikunakwanire. Anatitumiza ku Maputo, ulendo wa makilomita oposa 2,000, kuti mwana akalandire mankhwala a m'dripu, kenako chithandizo chootcha khansa ndi cheza cha makina, chimene kumeneko amati radioterapia. Chipatala chachikulu cha Maputo chinatsegula gawo limeneli mu 2019. Kale odwala ankayenera kukalifuna kunja kwa dziko, ndipo osauka ngati ife sakanatha.

Anamuumbira chophimba kumaso cholingana ndi mutu wake, kuti cheza chizigwera malo amodzimodzi tsiku lililonse. Chifukwa mwana wamng'ono sangagone osagwedezeka, ankayamba amugonetsa ndi mankhwala. Akatero ankatitulutsa, chitseko chochindikala n'kutsekedwa, mwana n'kutsala yekha ndi makina. Zinali mphindi zochepa, ndipo chezacho sichipweteka pamene chikulowa, koma kwa ife zinali ngati chaka. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, kwa milungu isanu, tinaima pakhomo limenelo. Khungu la pafupi ndi diso linada, nsidze zinathothoka, ndipo ankatopa msanga. Pakhomo pamenepo tinaphunzira chimene tinkangochinena ndi pakamwa: kuti pali malo amene kholo silingalowe, koma Mulungu amalowamo.

Mpingo sunatisiye. Amayi a mumpingo mwathu anagulitsa nyemba ndi mbatata ya kachewere natitumizira ndalama. Achinyamata anatipalira munda. Ku Maputo banja lina lachikhristu linatisunga, ndipo ngakhale nyimbo zawo za Chichangana sitinkazimva, tinkadziwa Amene akumuimbira.

Lero mwana wathu ali ndi diso loikirira, ndipo amathamanga ndi anzake ku Sande sukulu. Sitikunena kuti mantha anatha. Tsiku lokamuyezanso likayandikira, mtima umagunda. Mng'ono wake nayenso tinakamuyezetsa, popeza nthawi zina khansayi imayenda m'mtundu. Ndipo sitiiwala ana ena amene tinagona nawo m'chipinda chimodzi, amene makolo awo anapemphera ngati ife koma anabwerera kwawo manja ali m'khosi. Sitinawapose chikhulupiriro. Ambiri a iwo anangofika mochedwa koposa ife.

Choncho pempho lathu ndi ili. Amayi, agogo, aphunzitsi a Sande sukulu, yang'anitsitsani maso a ana. Mukaona kuyera pakati pa diso, kapena diso layamba kupenyera kumbali, musadikire kuti lipweteke, ndipo musathiremo mankhwala a zitsamba. Pempherani, ndipo mukatha kunena Amen nyamukani ulendo wa kuchipatala. Akulu a mpingo, banja lotere musalifunse kuti linalakwanji. Lifunseni ngati lili ndi ndalama yokwerera galimoto.

Pitirizani kutikumbukira m'mapemphero anu, pamodzi ndi onse amene aima pakhomo lija lero. Ambuye akudalitseni nonse.