Chikwamachi si firiji

Komatu zikwama zofewa zosungiramo zakumwa zozizirazi ena amaziyesa firiji. Mayi ena pa depoti ya Wenela amadandaula kuti chawo n'chachinyengo, chonsecho anaikamo Fanta wofunda. Chikwamacho pachokha sichiziziritsa kanthu, siponji yomwe ili pakati pa nsalu zake imangochedwetsa kutentha kuti kusalowe msanga.

Ogulitsa zakumwa amadziwa bwino: mabotolo a madzi amagona mufiriji mpaka kuuma gwa, chikwama kudzaza thothotho, zipi osatsegulatsegula. Chopepuka, inde, koma pa ulendo wautali bokosi lolimba losungiramo zozizira limachiposa.

Nanga kunyamuliramo nsomba? Nsomba yaiwisi imafunika kukhala pansi pa madigiri 5, pomwe mu Okutobala ku Nsanje kutentha nthawi zina kumapitirira 40. Alipo kodi amene chikwama chake chinasungapo ayezi mpaka madzulo?