Mwini Khoma ndi Mwini Utoto

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe amaona masitolo ambiri a m'mbali mwa njira atapakidwa utoto wowala, ndipo pa makoma ake palembedwa maina a sopo, a mafuta ophikira kapena a makampani a lamya. Mwini sitolo sindiye anagula utotowo. Anabwera anthu a kampani nampempha khoma lake, iye navomera, pakuti anaona kuti nyumba yake ikongola popanda kutaya ndalama. Pangano lotere n'lomveka, chifukwa anthuwo anaonana maso ndi maso, ndipo pakabuka kusamvana aliyense adziwa khomo limene angagogode. Koma masiku ano kuli makoma ena osamangidwa ndi njerwa, ndiwo masamba a pa intaneti, ndipo eni ake ali ndi madandaulo oyenera kumvedwa.

Nkhaniyi inayambira ku America. M'mwezi wa Okutobala 1994, magazini ya pa intaneti yotchedwa HotWired inayamba kugulitsa malo pamwamba pa masamba ake, ndipo mwa oyamba kugula munali kampani ya lamya ya AT&T. Pa nthawiyo mwini tsamba anali kudzifunira yekha amalonda, monga achitira mwini nyuzipepala. Zinthu zinasintha m'chaka cha 2003 pamene kampani ya Google inatsegula ntchito yake ya AdSense. Kuyambira pamenepo munthu wamba wokhala ndi tsamba anatha kusiya mpata pakati pa zolemba zake, kampani nidzaza mpatawo ndi zotsatsa malonda za anthu amene iye sanawaonepo. Alipo makampani enanso ochita umkhalapakati womwewu, koma Google ndiyo inakula koposa, makamaka itagula DoubleClick m'chaka cha 2008.

Kachitidwe kake kafanana ndi okishoni ya fodya ku Kanengo kapena ku Limbe, kungoti liwiro lake n'losayerekezeka. Wowerenga akangotsegula tsamba, makompyuta a amalonda amapikisana mitengo pa mpata uja, ndipo malonda amatha munthu asanaphethire. M'chaka cha 2010 Google inaulula kuti pa ndalama 100 zilizonse zimene wamalonda alipira, mwini tsamba amalandira 68. Komatu ndalamazo sizituluka kufikira zitakwana madola 100, ndipo zisanatero kampani imatumiza pa positi kalata yokhala ndi nambala yachinsinsi, kuti itsimikize kumene munthuyo akhala. Kwa mwini tsamba laling'ono, amene owerenga ake ali m'dziko limene amalonda salipira zambiri, madola 100 ndi ulendo wa miyezi yambiri.

Tsono panali mphunzitsi wina wachinyamata pa sukulu ya kumudzi m'chigawo chapakati, amene anali ndi dzanja la kulemba. Iyeyu anatsegula tsamba lake nayamba kulemba m'Chichewa za kusunga chimanga kuti anankafumbwe asachiononge, za kuthira klorini m'madzi akumwa nthawi ya kolera, ndi za kukonzekera mayeso a Sitandade 8. Madzulo anali kuwerengera amayi ake zolembazo pa lamya yake, ndipo amayi a m'nyumba zoyandikana anali kudza kudzamva nawo. Koma tsamba limadya ndalama monga idyera mbewu feteleza: pali bandulo ya intaneti, palinso malipiro a chaka ndi chaka a dzina la tsamba ndi a malo posungira zolembazo. Malipiro a uphunzitsi ataperewera, mnyamatayo anapempha kampani ina ya zotsatsa malonda kuti ibwereke khoma lake.

Yankho linafika patapita masiku owerengeka, ndipo linali lakuti chinenero cha tsambalo sichili m'gulu la zinenero zololedwa. Lamulo lotere lilipo ngakhale kwa wamkulu wa onse. Makina omasulira a Google anayamba kumasulira Chichewa m'mwezi wa Disembala 2014, koma pa mndandanda wa zinenero za AdSense Chichewa palibe, ndipo malamulo ake saloleza kuika malonda pa tsamba limene mawu ake ambiri ali m'chinenero chosalembedwa pa mndandandawo. Chifukwa chake n'chodziwika: kampani sifuna kuika malonda pambali pa mawu amene siingathe kuwayesa bwino, ndiponso amalonda ofuna owerenga a chinenerocho ndi ochepa.

Mphunzitsi uja anasinkhasinkha masiku angapo, kenaka anatembenuza tsamba lonse kukhala la Chingerezi. Atapemphanso analandiridwa, ndipo anakondwa kuona timakobiri tikuwerengeka tsiku ndi tsiku. Koma tsiku lina madzulo amayi ake anamfunsa nati, "Kodi mwananga, nkhani zija unkatiwerengerazi zinatha?" Iye anayankha nati, "Sizinathe amayi, koma tsopano ndikulemba m'Chingerezi, chifukwa eni malonda afuna chomwecho." Amayiwo anangoti, "Chabwino, alembere iwowo," napitiriza kutongola chimanga chawo. Mawuwa anamlasa mumtima, koma anadzitonthoza kuti ndalama zikabwera zonse zidzakonzeka.

Posapita nthawi anakumana ndi malamulo a zolembedwa. M'mwezi wa Januwale 2019 boma la Malawi linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, pofuna kuwateteza ku khansa ya khomo la chiberekero, nthenda imene imapha amayi ambiri m'dziko muno. Makolo ena anali ndi mantha, ndipo mphunzitsiyo analemba nkhani yolongosola mmene kachilomboko kamafalira ndi chiwalo chimene kamagwira. Analemba mwaulemu, monga alankhulira namwino ku sikelo. Komabe analandira uthenga wakuti pa nkhaniyo malonda achepetsedwa, chifukwa muli mawu a zogonana. Makina anawerenga maina a ziwalo, koma sanathe kusiyanitsa phunziro ndi zolaula. Anapempha kuti aionenso, nadikira, nayankhidwa ndi mawu omwe aja. Potsiriza anachotsa mawu onse okayikitsa, ndipo nkhani inatsala yoyera koma yosathandiza, pakuti kholo loiwerenga silikanadziwa kuti katemerayo ateteza chiyani.

Apa ndi pamene pali choopsa chachikulu cha malamulowa. Palibe amene analetsa mphunzitsiyo kulemba. Anangomchotsera chakudya pa nkhani zina namsiyira pa zina. Munthu wochitidwa chotere amaphunzira msanga kumene kuli msipu. Asiya kulemba za matenda, za imfa, za ngozi ndi za nkhanza zochitikira ana, ndipo alemba za mpira ndi za mafashoni. Zimenezi zinagwera ngakhale nyuzipepala zazikulu. M'chaka cha 2020 amalonda ambiri analamula makina awo kuti asaike malonda pa tsamba lokhala ndi mawu akuti coronavirus, kotero kuti nyuzipepala za ku Britain zinadandaula poyera kuti zili kutaya ndalama pa nkhani zomwe anthu anali kuzifuna koposa.

Chomaliza chinadza ndi abwenzi. Anzake a mphunzitsiyo, pomva kuti ndalama zimabwera munthu akadina pa chotsatsa malonda, anapangana kuti amthandize mwakachetechete. Masiku onse anali kudina kambirimbiri pa lamya zawo, osafuna kugula kanthu. Makina anaona kuti kudinako kukuchokera kwa anthu omwewo, ndipo mmawa wina mnyamatayo anapeza uthenga wakuti pangano latha, ndi kuti ndalama zimene zinatsala pang'ono kukwana sizidzaperekedwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Amayi ake poona nkhope yake yakugwa anati, "Bwanji osapita kukawapepesa akuluakuluwo, mwananga? Munthu ukadzichepetsa amakumvera." Iye anati, "Amayi, kulibe khomo loti ndikagogode. Amene anandiweruza sindimdziwa, ndipo sanandiuze tsiku kapena malo pamene ndinalakwa."

Munthu wachilungamo ayenera kumvanso mbali ya kampani, pakuti nayo ili ndi zifukwa. Wamalonda amene analipira kudina kwa abwenzi aja anaberedwa ndithu, ngakhale oberawo anali ndi mtima wabwino. Pa dziko lapansi pali anthu ochenjera amene amapanga masamba achabe ndi makina odina usiku ndi usana, ndipo kampani ikaulula njira zake zonse zowagwirira, mbala ndizo zidzayamba kuphunzira. Ndiponso wogulitsa sopo ali ndi ufulu wokana kuti dzina lake likhale pambali pa zonyansa. M'chaka cha 2017 nyuzipepala ya The Times ya ku London inaonetsa kuti malonda a makampani otchuka anali kuoneka pa makanema a anthu olalikira chidani pa YouTube, ndipo amalonda ambiri, pamodzi ndi boma la Britain, anaimitsa malonda awo. Kuyambira pamenepo malamulo anakhwima. Zina zinakonzekanso: m'chaka chomwecho Google inayamba kuchotsa malonda pa nkhani yolakwa yokhayo m'malo molanga tsamba lonse, ndipo mu 2019 inagawa malamulo ake pawiri, zoletsedwa kotheratu ndi zololedwa koma zolandira malonda ochepa.

Chotero kukhalapo kwa malamulo si mlandu. Sukulu yopanda malamulo si sukulu, ndipo mudzi wopanda mwambo supita patali. Koma mphunzitsi wanzeru polanga mwana amamuuza cholakwa chake, nampatsa mpata woti ayankhe. Akapanda kutero, mwanayo aphunzira mantha okha, osati khalidwe. Pa bwalo la mfumu wodandaula amalankhula, woimbidwa mlandu nalankhulanso, nduna zikumva, ndipo wosakhutira amatha kupita kwa gulupu kapena kwa mfumu yaikulu. Chimene chiwawa eni masamba n'chakuti wolemba lamulo, wogwira wolakwa, woweruza ndi wosunga thumba la ndalama ndi mmodzi yemweyo, ndipo wochoka kwa iye sapeza msika wina wolingana nawo. Maboma nawo aona kukula kwa mphamvuyi. M'mwezi wa Malichi 2019 bungwe la European Commission linalipitsa Google mayuro 1.49 biliyoni chifukwa cha mapangano a AdSense amene anatsekereza opikisana nayo, ndipo mu Epulo 2025 woweruza Leonie Brinkema wa ku Virginia anagamula kuti kampaniyo inaphwanya lamulo pogwira yokha mbali ziwiri za msika wa malonda a pa intaneti. Koma milandu yotere imatenga zaka, ndipo mwini tsamba wa kumudzi sangadye chigamulo.

Mphunzitsi uja anakhala miyezi iwiri osalemba kanthu. Pambuyo pake anabwezera tsamba lake m'Chichewa, nabwezeramo nkhani ya katemera ija ndi mawu ake onse. Anakwera njinga napita kwa wogulitsa mbewu pa msika wa kwawo, kwa telala wosoka mayunifolomu a ana a sukulu, ndi kwa mmisiri wokhoma mabenchi, nawaonetsa chiwerengero cha anthu a m'deralo amene amawerenga tsambalo. Awiri anavomera kulipira kangachepe mwezi ndi mwezi kuti maina awo aoneke. Ndalamazo sizifika madola 100, koma zimakwanira bandulo ndi malipiro a chaka, ndipo telala akachedwa kulipira, mphunzitsiyo adziwa khonde limene makina ake amalira.

Achinyamata ofuna kuyamba ntchito yotereyi achita bwino kuwerenga pangano lonse asanavomere, kuchenjeza abwenzi awo kuti asadine malonda pofuna kuwathandiza, ndi kusawerengera ndalama zimene sizinafike m'manja. Koposa zonse adzifunse kuti akulembera yani, pakuti wobwereketsa khoma lonse amatsala mlendo m'nyumba yake yomwe. Madzulo ano pa khonde lija amayi a m'mudzimo asonkhananso, ndipo mwana wawo ali kuwawerengera m'chinenero chimene amamva.