Nyundo ya Amalume

Munthu ali yense wogwira nchito ya malipiro ali ndi cinthu cimene mtima wace umathamangirako akaweruka. Ena amakhala pa nsolo kufikira dzuwa litalowa, ena amapita ku mpira, ena ali ndi dimba lao kudambo, ndipo enanso amatsata kumene kwaphikidwa mowa. Koma ku Chipata kuli kalaliki wina wa ku Boma amene anasankha cinthu cimene anzace anaciyesa misala. Iye anagula galimoto yakufa, nakhala zaka zinai alikuiukitsa.

Galimotoyo inali Land Rover ya mtundu woyamba, umene eni ace amati Series I. Inagona zaka zambiri pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa cipatala cina ca mishoni, matayala ataphwa, nkhuku zilikuikira mazira pa mpando wa woyendetsa. Kalalikiyo sanaipeza mwangozi ai. Amalume ace ndiwo anali kuiyendetsa, kuyambira masiku aja pamene dzina la Chipata linali Fort Jameson kufikira galimotoyo inatopa. Anali kunyamula odwala ndi amai apakati kucokera ku midzi yakutali, ndipo ndi malipiro a nchito imeneyo anaphunzitsa mwana wa mlongo wao. Tsono mwanayo, atamva kuti zitsulo zakale za pacipatalapo zidzagulitsidwa pa sikelo, anapita msanga, naigula, naikweza pa lole. Itafika pakhomo pace anansi anatuluka kudzaona, ndipo wina anafunsa kuti, popeza khola labwera, nanga nkhuku zace zatsala kuti?

Kuti munthu amvetse cifukwa cace cinthu cotayidwa cotere cikhoza kuukanso, ayenera kudziwa ciyambi cace. Nkhondo yaikulu yaciwiri itatha mu 1945, ku England citsulo cinali cosowa, ndipo Boma linali kucigawa makamaka kwa opanga zinthu zogulitsa ku maiko akunja. Maurice Wilks, mmisiri wamkulu wa kampani ya Rover, anali ndi Jeep ya ku America yotsala ku nkhondo, imene anali kugwirira nchito pa munda wace pa cisumbu ca Anglesey. Iye ndi mkulu wace Spencer Wilks, amene anali woyang'anira kampaniyo, anaganiza zopanga galimoto yaoyao ya alimi, yokoka ndi magudumu onse anai. Pofuna kusunga citsulo, thupi lace analipanga ndi aluminiyamu wosanganiza, dzina lace Birmabright. Yoyamba inaonetsedwa kwa anthu ku Amsterdam pa 30 April 1948, ndipo malo opangira anali ku Solihull. Zoyambazo zinali zazifupi, mainchesi 80 kucokera pa gudumu lakutsogolo kufikira lakumbuyo. Mu 1954 anazitalikitsa kufikira 86, ndipo mu 1956 kufikira 88. Ya kalaliki uja inali ya mainchesi 88. Magalimoto otere ndiwo anali miyendo ya Abwanamkubwa, apolisi ndi amishoni m'miseu yafumbi ya Northern Rhodesia, ndipo anatumikirabe Zambia atalandira ufulu mu 1964.

Aluminiyamu sacita dzimbiri lofiira monga citsulo. Cotero kalalikiyo atatsuka zitosi ndi fumbi, anapeza zitseko ndi nthiti za galimoto zili zamphumphu, ndipo mtima wace unakondwa. Anawerengera kuti miyezi itatu idzakwanira. Mwezi utatha anatenga malipiro ace nagula zitini ziwiri za utoto wobiriwira, natuma mau kumudzi kuti amalume abwere adzaone bwenzi lao lakale.

Nkhalambayo inafika ndi ndodo m'manja, pakuti maso anali atayamba kucita khungu. Inazungulira galimotoyo ilikuisisita monga munthu asisita ng'ombe yace, kufikira phazi linagunda zitini zija.

"Izi nciani, iwe?"

"Ndi utoto, amalume. Ndifuna ioneke monga kale."

"Tandipatsa nyundo."

Anayala thumba pansi, nakwawira kunsi kwa galimoto, nayamba kugogoda mafupa ace, ndiwo zitsulo ziwiri zazitali zimene amisiri amati chassis. Kutsogolo citsulo cinalira ngwe, ngwe. Cakumbuyo cinalira phu, monga dzungu loola, ndipo pa kugogoda kwacitatu mutu wa nyundo unalowa wonse. M'dzenjemo munatuluka dothi louma ndi makoko a dzimbiri odzaza manja awiri. Nkhalambayo inati, "Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ukadapaka utoto wako, ukadakongoletsa maliro."

Cifukwa cace ndi ici. Mafupa a Land Rover ndi a citsulo wamba, ndipo ali ngati bokosi lalitali la mphako m'kati. Galimoto ikaoloka mtsinje kapena kudutsa m'matope, madzi ndi dothi zimalowa pa timabowo, ndipo dothilo limasunga cinyezi caka ndi caka. Motero dzimbiri limadya kucokera m'kati, kunja kulikuoneka bwino. Cipupa colekanitsa injini ndi okwera cili ca citsulonso, ndipo cimaola poponda mapazi ndi pa mizati ya zitseko. Kuonjezera apo, pali ponse pamene citsulo cikhudzana ndi aluminiyamu pali cinyezi, aluminiyamuyo amasanduka ufa woyera. Zonsezi diso la munthu woimirira siliona. Wofuna kuzidziwa ayenera kugona cagada m'fumbi.

Panalibe njira yina koma kuphwasula galimoto yonse. Apa ukalaliki unamthandiza. Anatenga buku longa la kaundula, nalemba cinthu ciri conse cimene anamasula, najambula pamene cinali. Mabauti anawaika m'zitini za mkaka, citini ciri conse ndi nambala yace. Koma tsiku loyamba lomwelo anakomana ndi bvuto limene sanaliyembekeza. Masipanala onse amene anagula m'sitolo anali a mamilimita, pamene mabauti ambiri a Series I ali a miyeso yakale ya ku England, Whitworth ndi BSF. Sipanala yina inali kucepa, yina kukula, ndipo pokakamiza anaononga mitu ya mabauti asanu. Pomwepo amalume anatumiza mdzukulu ndi kabokosi kacitsulo kamene kanakhala pansi pa kama zaka zambirimbiri. M'menemo munali masipanala ao akale, okulungidwa m'nsanza ya mafuta, ndipo ali yense anagwira bauti lace monga anasiyana dzulo.

Injini inali itauma gwa, mapisitoni atamamatira. Kalalikiyo anafuna kuipotokola ndi mtengo wautali wacitsulo, koma amalume anamletsa, nati mphamvu idzathyola cimene cipiriro cikadamasula. Anacotsa mapulagi, nathira dizilo pang'ono m'mabowo onse anai, ndipo madzulo ali onse pocokera ku ofesi anali kuyesa ndi hendulo yolizira, osakakamiza. Sabata yoyamba panalibe kanthu, yaciwiri cimodzimodzi. Pa sabata yacisanu hendulo inasuntha ngati utali wa cala, ndipo munthu wamkulu, wobvala tayi, anapfuula kuitana mkazi wace ngati wapha nyalugwe.

Koma pa nkhani ya ndalama mpamene nchitoyi inafuna kupasula banja. Zipangizo za Series I nzosowa, pakuti mtunduwo unalekeka mu 1958 pamene Series II inalowa m'malo mwace, ndipo ngakhale mdzukulu wace, Defender wa maonekedwe akale, anatsiriza kumpanga ku Solihull pa 29 January 2016. Zina anazipeza kwa ophwasula magalimoto ku Lusaka, zina anaitanitsa ku South Africa ndi ku England pa intaneti, ndipo mtengo wa kutumiza nthawi zina unaposa wa cinthu comwe. M'caka caciwiri mmisiri wowocherera zitsulo anati ali wokonzeka kudula mafupa oola ndi kulumikiza atsopano, koma afuna ndalama zace zonse pamodzi. Kunali kumayambiriro a dzinja. Kalalikiyo anatenga ndalama za feteleza, osauza munthu, nadzinamiza kuti adzabweza mwezi ukatha. Mwezi unatha, mvula inagwa, cimanga cinamera, ndipo cinayamba kucita cikasu.

Mkazi wace sanakweza mau. Anadikira ana atagona, nati, "Bambo, ine sindinakukanizeni galimoto yanu, pakuti ndidziwa cimene amalume anakucitirani. Koma cimanga sicidikira malipiro, ndipo ana sadya mabauti. Mukadandifunsa, tikadaona pamodzi."

Mwamunayo analibe poyankha. Caka cimeneco nkhokwe sinadzala, ndipo anagula ufa kuyambira mwezi wa November. Galimoto inakhala yofunditsidwa miyezi isanu ndi iwiri. Pamene anayambanso, anapangana kuti mwezi uli wonse adzapatula kagawo kocepa kodziwika, ndi kuti buku lija la mabauti lidzakhalanso la ndalama, ndipo wolisunga adzakhala mai. Nchito inacedwa cifukwa ca pangano limeneli, koma kuyambira pamenepo m'nyumbamo munalibe cobisika.

M'caka cacinai mau anafika akuti amalume adwala, ndipo maso atsekeka ndithu. Pamenepo injini inali italira kale, magiya alikulowa, koma mabuleki anali asanakonzedwe. Kalalikiyo anacita mantha kuti nkhalamba idzapita isanakwere. Anapita kumudzi nanena kuti mapaipi akale a mabuleki aoneka abwino, ndipo akhoza kubwera nayo galimoto Loweruka lomwelo. Amalume anafunsa ali gone pamphasa, "Waoneka bwanji? Monga mafupa aja?" Ndipo anamkumbutsa kuti pa galimoto imeneyi mafuta a mabuleki a magudumu onse anai amayenda m'njira imodzi, kotero kuti paipi imodzi ikaphulika pa citunda, onse anai amafa pamodzi. "Ine ndinanyamula anthu zaka zonse zija osataya ndi mmodzi yemwe. Usandicititse manyazi pa ukalamba. Ndikafa, ndafa; koma paipi usinthe." Anabwerera wacisoni, nadikira miyezi iwiri yina kufikira mapaipi ndi mphira zatsopano zinafika.

Mulungu anacita cifundo, nkhalambayo inatsitsimuka. Tsiku lina m'mwezi wa February, mvula itagwa usiku wonse, Land Rover inalowa m'mudzi, thupi lace lili lotuwa, lopanda utoto. Ana anaithamangira. Amalume anatuluka atagwiridwa dzanja, naima capafupi, napendeka mutu kumvetsera. Patapita kanthawi anati, "Pulagi imodzi ilikunama. Imva, ilikutsimphina." Kalalikiyo anatsegula, napeza waya wa pulagi yacitatu utamasuka. Ataukankhira m'malo mwace, injini inayamba kulira mosalala, ndipo nkhope ya nkhalamba inawala.

Anawakweza kutsogolo, nayenda nao pa mseu wakale wopita ku cipatala. Pa dambo lina magudumu akumbuyo anayamba kuzungulira pamodzimodzi, matope alikuuluka. Woyendetsayo anapanikiza mafuta, ndipo galimoto inatitimira koposa. Amalume anati, "Leka! Cotsa phazi." Anapapasa pansi ndi dzanja lao lamanja, napeza ndodo ya mutu wacikasu, nati iyi munthu amaikanikiza asanalowe m'matope, kuti magudumu akutsogolo agwire nao nchito. Anapapasanso napeza ya mutu wofiira, nati, "Koma popeza watitimira kale, ima ndithu, ukokere iyi kumbuyo. Lowetsa giya yaciwiri. Tsono usaikalipire, ileke iyende yokha." Galimoto inabuula, inagwedezeka, ndipo inatuluka pang'onopang'ono monga ng'ombe yokoka ngolo. Kufikira kutsidya nkhalambayo sinacotsa dzanja pa mutu wofiira uja.

Munthu akawerenga za m'buku lija, adzapeza kuti ndalama zonse pamodzi zikadagula galimoto ya ku Japan yogwirapo kale nchito, yothamanga, yosadontha mafuta ndi yosamwa petulo wambiri. Cotero wofuna phindu la ndalama asayambe nchito yotere. Koma kalaliki uja, amene masiku onse a moyo wace anali kugwira colembera cokha, lero adziwa bauti liri lonse la galimoto yace ndi dzanja lace, ndipo nzeru zimene zikadalowa m'manda pamodzi ndi mwini wace zinatsala pa dziko. Kwa ali yense amene mtima wace ukhumba kuukitsa galimoto yakale, malangizo ali atatu. Ayambe ndi nyundo kunsi, utoto ukhale wotsiriza. Apangane ndi a m'nyumba mwace asanagule ndi bauti limodzi lomwe. Ndipo afunse akulu amene anayendetsa magalimoto amenewa akali ndi moyo, pakuti buku likhoza kunena muyeso wa pulagi, koma silingamve kuti ilikutsimphina.

Zitini ziwiri zija, potsegula, anapeza utoto utauma ngati mwala, ndipo anagula wina. Asanapake, anafuna kuwongola pamene citseko ca kumanzere cinapindika, koma amalume anakana. Anati pamenepo anagunda citsa usiku wina wa mvula, alikuthamangira ku cipatala ndi mlongo wao amene anali pa ululu wa kubala, ndipo mwana anabadwa m'bandakuca, atangofika. Kalalikiyo anafunsa kuti mwanayo anali yani mwa abale ace. Nkhalambayo inaseka, niti, "Amene alikundifunsayu." Citsekoco anacipaka utoto cili copindika, ndipo cili comweco kufikira lero.