Kapeti wa m'Buti ya Galimoto ya Bambo

Bambo anga atatisiya m'chaka cha 2011, abale anga adagawana ng'ombe, njinga ndi malata. Ine adandikankhira galimoto imene aliyense ankaiona ngati chiphapha chongodzaza malo pakhomo. Ndidailandira mosanyinyirika, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikuidyetsa kamalipiro kanga ka m'boma, mwezi uno mabuleki, mwezi wamawa batire.

Galimotoyi ndi MGB ya m'chaka cha 1969, yobiriwira, ya mipando iwiri yokha ndi denga la nsalu lopinda. Mtundu umenewu ankaupanga m'tauni ya Abingdon ku Mangalande kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo onse pamodzi adapitirira 500,000. Yathuyi idabwera ndi mzungu wina amene ankayang'anira esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumene bambo adali makaniko. Mzunguyo pobwerera kwawo mu 1984 adawasiyira galimotoyi m'malo mwa ndalama ya zikomo. Mayi adadandaula kuti chitsulo sadyera nsima, koma bambo sadaigulitse.

Nkhani ya kapeti idayamba ndi mwana wa mchemwali wanga. Tsiku lina adandipeza kunyumba kwanga ku Lilongwe, nagwada nkunena kuti, "Amalume, pa ukwati wanga ndikufuna tidzatuluke m'tchalitchi pa galimoto ya agogo." Mwini mbumba ndi ine, ndikadakana bwanji? Ndidavomera. Koma madzulo ake mayi a kunyumba adatsegula buti, nandiitana. "Abambo, sutikesi ya mkwatibwi mudzaika muno? Ndiye mudzamugulira zovala zina." Sadanene zabodza. M'butimo mudali ziguduli zakale, fungo la petulo ndi dzimbiri lodetsa chilichonse chimene chakhudzapo.

Buti ya MGB ndi yaing'ono, ndipo tayala la sipeya limagona chafufumimba pakati penipeni. Kumanzere ndi kumanja kuli timapiri tiwiri tophimba matayala a kumbuyo. Choncho kapeti wake sakhala chinsalu chimodzi ayi, koma zidutswa zingapo: cha pansi, cha khoma la kutsogolo, ziwiri za timapiri tija, ndi chovala chozungulira cha sipeya. Ku Mangalande zidutswazi amagulitsa zodulidula kale. Ndidafunsa mtengo wake, ndidawonjezerapo wa ndege ndi wa msonkho, nkukumbukanso kuti kwacha idali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndidangopinda pepala la masamuwo nkuliika m'thumba. Ntchito ya ku Capital Hill imakupatsa tayi ndi ulemu, koma mapaundi sikupatsa.

Ndidayamba ndi nzeru za waulesi. M'nyumba mudali chidutswa cha kapeti wa pabalaza, ndipo ndidaganiza kuti chikwanira. Mnzanga wina adandilozera kwa mkulu wosoka mipando ya galimoto ku Biwi, bambo wa imvi, wosachedwa kuseka. Adachigwira chidutswacho, nachipinda pabondo, chidakana. "Bwana, uyu ndi wa m'nyumba," adatero. "Kunsi kwake ndi kolimba ngati chikumba. Pamalo osalala agona bwino, koma pa timapiri iti achita makwinya ngati nkhope yanga."

Tsiku limenelo ndidaphunzira kuti kapeti ali ndi mitundu ngati nyemba. Pali wa ubweya wa nkhosa, wokongola ndi wodula, koma akanyowa amachedwa kuuma. Pali wa nayiloni, wolimba ndi wosavuta kutsuka. Wina ulusi wake ndi wopindika ngati timaluko, wina ndi wodulidwa pamwamba ngati kapinga wotchetcha. Adandionetsanso wina wopyapyala, wopanda chikumba kunsi, amene amatamuka ukamukoka, ndipo ndi ameneyo amene amamvera malo obulungira. Pa za mtundu ndidafuna wofiira kuti anthu a ku ukwati adzatembenuke. Mkuluyo adandifunsa ngati ndikudziwa mmene fumbi la ku Lilongwe limaonekera pa kapeti wofiira likasakanikirana ndi oilo wa jeke. Tidagwirizana pa wakuda.

Ndidaganiza kuti tayandikira kumapeto, osadziwa kuti ndi pamene tikuyamba. Titachotsa sipeya ndi ziguduli zija, mkuluyo adatenga sikuludiraiva nkugogoda pansi pa buti. Pena padalira ngati chitsulo, pena padangoti fwo! kuboola ngati tsamba louma. Mphira wa m'mphepete mwa chitseko udali utatha kalekale, ndipo mvula ya zaka zambiri inkalowa nkukasungidwa ndi ziguduli. Choopsa chidali chakuti thanki ya petulo ya MGB imakhala kunsi kwa buti komweko, ndipo pamwamba pake, pamene maso safika, ndi pamene dothi lonyowa limakhazikika nkuyamba kudya chitsulo. Fungo lija lidali kuchokera pamenepo.

Kunena zoona, mtima wanga udafuna kuti tingophimba. Ukwati udatsala milungu isanu, ndalama zidali zowerengeka, ndipo ndani akadakweza kapeti patsiku la chisangalalo? Zaka makumi awiri za mu ofesi zidandiphunzitsa kuti failo ya chikuto chatsopano siifunsidwa mafunso ambiri. Ndidayesa kunena zimenezi mozungulira. Mkuluyo adandiyang'ana kwa kanthawi nati, "Chikomekome cha mkuyu, bwana. Mukufuna ana a eni akhale pamwamba pa petulo wodontha?" Manyazi adandigwira. Tidatsitsa thanki poyamba, pakuti palibe wanzeru amene amawotcherera pafupi ndi nthunzi ya petulo. Mnyamata wowotcherera adadula pamene padawola nkuikapo zigamba za chitsulo, thanki tidasintha, ndipo ndalama imene ndidasungira suti yatsopano idathera pomwepo.

Ntchito yopala dzimbiri ndi burashi ya waya ndidaigwira ndekha Loweruka, nditalowetsa mutu ndi mapewa m'buti. Ndikupukuta khoma la kutsogolo, kumene kuli mdima, ndidaona timizere toyera pansi pa litsiro. Ndidapukuta pang'onopang'ono, nkuunikira ndi tochi ya foni. Adali malemba a bambo, olembedwa ndi penti yoyera pogwiritsa kamtengo. Mzere uliwonse udali ndi tsiku, mamailosi ndi ntchito imene adagwira: oilo, mapulagi, mabuleki. Mizere idayambira m'zaka zimene galimotoyi idali ya mzungu. Chapakati padali mzere wosiyana ndi inayo. Padali tsiku la m'chaka cha 1981, kenaka mawu awiri: "Malamulo, mnyamata." Tsikulo ndi limene lili pa chiphaso changa.

Usiku womwewo ndidaimbira mayi kumudzi. Adaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, sadakuuze bambo ako? Matenda adandiyamba pakati pa usiku, mvula ikugwa. Adakagogoda kwa bwana wake nkupempha makiyi, chinthu chimene wantchito sankayerekeza masiku amenewo. Ndidapita kuchipatala cha Malamulo nditakhala ngati dona." Bambo sadali munthu wa mawu ambiri. Sindikumbuka tsiku limene adandiuza kuti akunyadira nane. Kani adandilemba pakati pa oilo ndi mapulagi, pamalo pamene ankalemba zinthu zimene sadafune kuziiwala.

Lolemba ndidauza mkulu wa ku Biwi kuti pakhoma limenelo guluu asafikepo. Adayamba wakana, ati chidutswa choimirira chimafuna guluu kuti chisagwe. Nditamuonetsa malembawo adakhala chete, kenaka adatulutsa kabokosi ka mabatani opana, onga a jekete. Pansi ponse tidapaka penti yofiira yoletsa dzimbiri, koma khoma la bambo tidangopakapo vanishi woonekera.

Kuyala kwenikweniko kudafuna kudekha. Tidayamba ndi kujambula malo aliwonse pa katoni, nkudula, nkuyesa, nkudulanso, kufikira katoniyo atakhala bwino. Kenaka tidamugoneka kunsi kwa kapeti nkuzungulira ndi choko, kusiya chala chimodzi chapadera, chifukwa chotsala umadula koma choperewera sulumikiza. Mkuluyo adaonetsetsa kuti ubweya wa zidutswa zonse wagonera mbali imodzi, apo ayi zimaoneka ngati mitundu iwiri dzuwa likawala. Pa timapiri pokha ndi pamene tidamata. Guluu wake umapaka mbali zonse ziwiri, nkudikira mpaka aleke kumata chala, ndipo zikangokhudzana sizisunthanso. Tidayambira pamwamba pa kaphiri nkumakoka kutsikira m'mbali. Ine ndidafulumira, kudzanja lamanja kudatsala khwinya limodzi limene lilipo mpaka lero. M'mphepete adasokerera kansalu kakuda kuti ulusi usamasomphoke. Cha pansi sitidamate konse, kuti mvula ikatha ndizichichotsa nkuona ngati madzi alowa. Pomaliza tidaika mphira watsopano pachitseko, pakuti popanda ameneyo ntchito yonseyi ikadakhala yotungira madzi m'dengu.

Ukwati udachitika mu Ogasiti 2024. Ine ndidavala suti yanga yakale ya ku ofesi. Anthu adajambula galimoto kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, koma palibe amene adapempha kuona m'buti. Sutikesi idafika yoyera. Mwambo utatha ndidaitana mayi pambali, ndidatsegula buti, nkumasula mabatani anayi aja. Mayi sadapite patali ndi sukulu, koma dzanja la mwamuna wawo amalidziwa. Adasisita malembawo ndi chala, osanena kanthu, kenaka adafunsa ngati penti yoyera ilipo yotsala.

Mzere womaliza wa bambo ndi wa m'chaka cha 2009. Pansi pake pali malo okwana chikhatho chimodzi. Ndidasongola kamtengo ka machesi, nkulemba tsiku la ukwatiwo, mamailosi, ndi mawu akuti "thanki, kapeti, mdzukulu." Dzanja langa lidazolowera bolopeni, ndiye malembawo adapindika kuposa awo. Nditadikira kuti aume, ndidabwezera kapeti nkupana mabatani.