Gowelo la Patebulo

Kwathu ku Dowa mnyamata akangoyamba kuzindikira amamutulutsa m'nyumba ya makolo kuti azikagona kugowelo ndi anzake. Ine ndinatuluka ndili ndi zaka 9, ndipo kuyambira pamenepo sindinagonenso chipinda chimodzi ndi munthu wamkulu pamodzi ndi akazi ake, kufikira mwezi wa July chaka cha 2023, pamene malume anga anabwera kuchokera ku Johannesburg atabereka nyumba kumsana kwa galimoto.

Anthu a pamudzi anaizungulira galimotoyo ngati kwabwera gule. Inali pikapu wamba, koma kumbuyo kwake, kumene ife timaikako matumba a fetereza, anakwezako kanyumba ka chitsulo chopepuka, ka khomo limodzi ndi timazenera titatu. Malume ankakatcha kampa. M'kati mwake munali mbaula ya gasi, kabeseni ndi kafiriji mbali imodzi. Kutsogolo, pamwamba penipeni pa mutu wa dalaivala, panali kama wa anthu awiri wochita kukwera ngati nsanja. Mbali inayo kunali mipando iwiri yoyang'anana ndi katebulo pakati pake, ndipo malo amenewa dzina lake akuti dinette.

Malume anali atagwira ntchito ku Joni zaka 31, poyamba m'munda wa maluwa, pambuyo pake pachiwongolero. Anali ataona Kruger ndi Cape Town poyendetsa mabwana awo, koma m'dziko lawo lomwe anali asanapyoleko Kasungu. Tsono anafuna kukaona Nyika iwo ndi akazi awo maso asanatheretu.

"Mphwanga, iwe wakusukulu, utiperekeze. Uzitiwerengera mapu."

"Nanga ine ndizikagona pati, malume?"

"Patebulo," anatero, ngati kuti ndi pamene anthu amagona masiku onse.

Owerenga ena sangaone chovuta pamenepa, choncho ndifotokoze. Ana a malume ndi asuweni anga, ndipo mwa mwambo wathu msuweni ndi munthu woti ukhoza kumukwatira. Chifukwa cha ichi akazi a malume timawapatsa ulemu wonga wa apongozi. Ine ndimawatcha mayi, iwo amanditcha inu, ndipo tikamalankhulana aliyense amayang'ana kumbali. Awa ndiwo anthu amene ndinayenera kugona nawo m'kabokosi koti ukatambasula manja uli pafupi kukhudza makoma onse awiri.

Usiku woyamba tinaima pafupi ndi Rumphi, ndipo ndinapeza bodza labwino. Ndinati ndigona pampando wakutsogolo kuti ndizilondera galimoto. Malume anangondiyang'ana osanena kanthu. Ndinagona chokhala, khosi litapindika, koma ulemu wanga uli wonse.

M'mawa tinalowa pachipata cha Thazima n'kuyamba kukwera msewu wafumbi, makilomita pafupifupi 60 kukafika ku Chelinda. Nyika, amene anakhala malo osungirako nyama a boma mu 1965, ndi dziko lina: mapiri a udzu okhaokha ogona ngati mafunde, mbidzi zikudya pafupi ndi msewu, ntchefu ndi chilembwe zikutiyang'ana mopanda mantha. Malume ankaimitsa galimoto kawirikawiri n'kumangoti, "Zonsezi n'zathu?" Koma malowa ali pamtunda wopitirira mamita 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo July ndi pakati pa chisanu. Dzuwa litangolowa kuseri kwa mitengo ya paini, mphepo inasanduka mpeni.

Ndinayesanso bodza langa lija. Ndinadzikulunga mabulangete awiri pampando wakutsogolo, koma galasi ndi chitsulo sizisunga kutentha. Pofika 11 koloko zala zakumiyendo zinali zitasiya kundimvera, mano akugundana okha, ndipo kutsidya kwa dambo fisi analira. Kenaka ndinamva kugogoda pazenera. Anali mayi, atafunda chitenje kumutu, tochi ili m'manja, akuyang'ana tayala m'malo moyang'ana ine.

"Inu, tikakafika kumudzi ndi maliro, tikawauza chiyani mayi anu? Kuti munafa ndi ulemu? Lowani."

Ndinalowa. Malume anatsika pansanja yawo ali mokondwa, pakuti anali atadikira masiku awiri kuti aonetse matsenga a kampa yawo. Anachotsa mwendo wa tebulo, n'kutsitsa thabwa lake kuti likhale pa timitengo tiwiri tokhomedwa m'mphepete mwa mipando ija. Anatenga makhushoni otsamira kumsana n'kuwayala pamwamba pa thabwalo, pakati pa makhushoni okhalira. Tebulo limene tinadyerapo nsima ndi usipa madzulo omwewo linasanduka kama.

Koma amene anapanga kama ameneyu ankaganizira ana. Ine ndine wamtali masentimita 183, pamene kuchokera kukhoma kufika pa kabati ya mbaula panali masentimita 170 okha. Ndikawongola miyendo mutu umagunda khoma, ndikatsitsa mutu mapazi amakankha kabati. Ndinayesa kugona chopingasa, mutu pangodya iyi, mapazi pangodya inayo, ndipo ndinapezako pang'ono, koma chidendene chimodzi chinatsala chikulendewera m'kanjira. Vuto lachiwiri linali la makhushoni. Anali anayi, ndipo pamene awiri akumanirana m'pamene chiuno changa chinkagwera. Ndikatembenuka ankatsetsereka n'kutsegula mpata. Vuto lachitatu ndinalimva ndi makutu: thabwa la tebulo, limene ntchito yake ndi kunyamula mbale, linayamba kulira ndi kupindika pakati.

Malume sanavomere kuti kampa yawo ili ndi chilema. Anati chilema chili ndi ine, wokula ngati bulugama. Komabe anagwada n'kulowetsa chigubu cha madzi pansi pa thabwalo kuti chilichirikize. Anaika bokosi la zakudya m'kanjira, napindira thaulo pamwamba pake, kuti mapazi anga apeze pofikira. Mayi anatulutsa mkeka umene anagula ku Kasungu n'kuuyala pamwamba pa makhushoni, bulangete pamwamba pa mkeka, ndipo mipata ija inatsekeka. Pomaliza anamasula chitenje chawo china n'kuchimangirira pa chingwe kutsogolo kwa nsanja.

"Ichi ndi khoma," anatero akuyang'ana chitenjecho. "Kuno n'kwathu. Kumeneko n'kugowelo kwanu."

Tonse atatu tinadziwa kuti nsalu si khoma. Tonse atatu tinagwirizana kuti ndi khoma.

Tisanazime nyali panabuka nkhani ina. Mayi anafuna kusiya mbaula ya gasi ikuyaka pang'ono kuti m'nyumba mufunde, mazenera onse atatsekedwa. Ndinaumirira pakhosi, pakuti kutsutsa apongozi m'nyumba mwawo si chinthu chapafupi, koma izi ndinazidziwa bwino. Moto woyaka m'malo otsekeka umadya mpweya wabwino, ndipo ukayamba kupereweredwa umatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino, munthu n'kungopitirira m'tulo. Ndi womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'chipinda. Ndinalankhula ndikuyang'ana malume, kuti mawu afike kwa mayi modzera njira yoyenera. Mbaula inazimitsidwa, ndipo kachibowo ka padenga tinakasiya kotsegula pang'ono.

Sindinganame kuti ndinagona bwino. Mpweya wa anthu atatu unakaundana pa galasi lozizira n'kuyamba kudontha, ndipo zenera linali pamwamba pa ine. Cha m'ma 2 koloko malume anafuna kupita panja, monga amachitira anthu a msinkhu wawo, ndipo popondera potsika pansanja panali pampando pamene panali mutu wanga. Phazi lawo linandiphonya khutu pang'ono. Atabwerera ndinatembenuza mutu kuloza kukhomo, tulo titathawa tonse awiri.

"Mphwanga, uli maso?"

"Ndili maso, malume."

Analankhula motsitsa kuseri kwa chitenje. Anati chaka chawo choyamba ku Joni ankagona m'kachipinda kosungiramo makasu ndi makina otchetchera kapinga, pa zitseko ziwiri zakale zosanjikiza, ndipo m'mawa uliwonse ankabisa bulangete kuti pasaoneke kuti pagona munthu. Pambuyo pake anagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, ena usana, ena usiku. Zaka zonsezo anagona pa malo a eni, oti tsiku lililonse akhoza kuuzidwa kuti nyamukani. Kampa iyi anaigula yakale, denga likudontha, naikonza okha Lamulungu lililonse kwa zaka ziwiri.

"Anthu akuti ndinataya ndalama. Koma pano paliponse pamene ndaima, ndagona pakhomo panga. Ndipo ndili ndi pogoneka mlendo."

Mawu otsirizawo anandilasa. Ine ndinkayesa kuti pokana tebulo lija ndikuwapatsa ulemu, osadziwa kuti masiku awiri onse ndinali kukana mphasa imene munthu anaiyala kwa mphwake nthawi yoyamba m'moyo wake. Makolo anga ankawatumizira makalata opempha ndalama za sukulu yanga, ndipo ndalamazo zinkabwera, koma palibe ndi tsiku limodzi lomwe ndinafunsa kuti wozitumizayo amagona pati.

Kutacha udzu wonse unali mbee ndi mame oundana. Kuti tiphike phala panafunika kuti kama wanga afe kaye: mkeka kupinda, chigubu kutulutsa, makhushoni kubwezera kumsana, thabwa kukweza, mwendo kulowetsa. Apa ndinaona kuti wogona patebulo sagonereza, ndiponso sagona ena asanathe kudya. Mayi anamasula khoma lija n'kulivala m'chiuno. Anandipatsa kapu ya tiyi ndi manja awiri, maso ali kukhomo, nafunsa ngati kugowelo kunagoneka.

Ndinayankha kuti kunagoneka ndithu. Tinakhala ku Chelinda masiku ena atatu, ndipo madzulo aliwonse mwendo wa tebulo ndinkachotsa ndine.