Oyilo wakuda ndi manyazi anga a ku Ndirande

Fizi yanga imachokera m'minibasi. Bambo ali ndi Toyota Hiace yakale ya dizilo yomwe imayenda pakati pa Limbe ndi Zomba, ndipo ikagona kugalaja tsiku limodzi lokha, kunyumba timadziwira pa ndiwo. Holide yapitayi bambo anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha BP, ndiye ine, poti ndine woyamba kubadwa komanso "wa ku yunivesite", anandipatsa kabuku ka ndalama kuti ndiziyang'anira zonse.

Nthawi yosintha oyilo itakwana, ndinakagula ndekha chigubu cha malita 5 cha 15W-40, botolo lina la lita imodzi ndi fyuluta yatsopano. Zonsezi ndinakasiya kwa amakaniko ena a ku Ndirande amene akhala akukonza galimoto za bambo kuyambira ndili ku pulayimale. Sindinadikire kuti ndione ntchito, ndinali ndi phala loti ndikapereke kuchipatala.

Patapita masiku awiri ndinadzuka m'mamawa, n'kutsegula pa injini, n'kusolola dipisitiki. Oyilo anali bii ngati makala. Komanso sanafike pa mzere wapamwamba. Ine ndinaona ndi maso angawa kuti oyilo wa m'chigubu chija anali wonga uchi. Ndiye mutu wanga wophunzirawu unawerengera msangamsanga: mdala uja wagulitsa oyilo wanga, watisiyira wakale yemweyo, poona kuti mwini wake ali gone.

Ndinapita ku Ndirande mtima uli m'mwamba. Pamaso pa anyamata awo onse ndinafunsa kuti, "Bambo, oyilo ndinagula uja ali kuti?"

Sanakalipe. Anapukuta manja pa kansanza, n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, bambo ako adzuka bwanji?" Kenako anatuma mnyamata kukatenga chigubu changa chopanda kanthu, fyuluta yakale ndi beseni lomwe munali oyilo wochotsedwa uja. Anang'amba pepala loyera, n'kudonthezapo dontho la m'beseni mbali ina, la pa dipisitiki mbali inayo. Titadikira pang'ono kusiyana kunaoneka. Dontho lakale linangoti mbuu malo amodzi, lakuda kwambiri. Latsopanolo linafalikira bwino, lotuwa, m'mbali mwake mukuoneka kachikasu.

Zimene anandiuza tsikulo, ndi zina zimene ndinakawerenga pambuyo pake ndili ndi manyazi, ndi izi. Mukamasula bawuti ya pansi pa injini, oyilo satuluka yense. Wina amatsalira m'tinjira ta mkati, wina kumutu kwa injini, wina amangomatirira pa zitsulo. Wotsalayo ndi wochepa koma ndi wakuda zedi, moti injini ikangolira mphindi zingapo amakhala wadetsa kale watsopanoyo. Chachiwiri, injini ya dizilo imapanga mwaye, ndipo mwaye wina umazembera m'mbali mwa mapisitoni n'kugwera mu oyilo. Opanga oyilo amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amathiramo mankhwala ogwira mwayewo kuti uziyandama tizidutswa ting'onoting'ono, usaundane n'kusanduka matope otseka njira. Amakaniko aja anangoti, "Ukamachapa zovala, madzi a sopo akada umati sopo ndi wabodza?" Ndinasowa choyankha.

Ine chimene chinandisocheretsa n'chakuti ndinazolowera kagalimoto ka petulo ka aneba athu, komwe oyilo amakhalabe woyera kwa milungu. Petulo satulutsa mwaye wochuluka ngati dizilo. Minibasi yathu imapita ku Zomba n'kubwerako kawiri patsiku, makilomita opitirira 200, ili yodzaza. Masiku awiri amenewo ndi okwanira kudetsa oyilo aliyense.

Nkhani ya mlingo ndiyo inandichititsa manyazi kwambiri. Fyuluta yatsopano imalowa ilibe kanthu, ndipo injini ikaliza koyamba imayamba yadzaza iyoyo. N'chifukwa chake kanyali kofiira ka oyilo kamatha kuchedwa masekondi angapo kuzima, ndipo mlingo umatsikako pang'ono. Amakanikowo anali atadikira n'kuwonjezera kale. Vuto linali pabwalo pathu ku Bangwe, pomwe ndi potsetsereka moti mpira suima. Titayeza pamalo athyathyathya, injini itazimitsidwa kwa mphindi zingapo kuti oyilo atsikire pansi, mlingo unali pomwe uyenera kukhala. Pajatu ine ndinali nditaganiza kale zokagula botolo lina n'kuthiramo. Oyilo akachuluka kupyola mzere, kilankishafuti imamumenya mpaka kuchita thovu, ndipo thovu siliteteza chitsulo. Ndikanawononga injini ndi ndalama zanga zomwe.

Anandionetsanso zoyenera kuopa, zomwe sizikhudzana ndi kuda. Oyilo akamaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi alowamo, nthawi zambiri gasiketi ya kumutu yapsa. Mlingo ukamakwera wokha, oyiloyo akununkha dizilo, mafuta akudonthera momwe sayenera. Tizitsulo tonyezimira pa chala ndi uthenga wa maliro. Madontho pansi pa bawuti kapena pa fyuluta m'mawa, kapena kanyali kofiira kosazima, imitsani galimoto pompo. Kafungo kopserera tsiku loyamba kokha nthawi zambiri amakhala oyilo amene anatayikira pa chitsulo chotentha pothira.

Tsono ndinene maganizo anga, poti ena mwa inu mwayamba kale kundiseka. Kukayikira kwanga sikunachokere kumwamba. Tonse taonapo oyilo wogulitsidwa m'mabotolo opanda dzina m'mbali mwa msewu, ndipo m'magalaja ambiri a pansi pa mtengo simupatsidwa lisiti. Munthu amene fizi yake ili mu injini ali ndi ufulu wofunsa. Chimene sindidzikhululukira ndi mmene ndinafunsira. Foni ndinali nayo m'thumba, bando ilimo, ndipo mphindi zisanu zikanandiuza kuti oyilo wa dizilo amada msanga. Sindinafufuze chifukwa ndinali nditagamula kale kuti munthu wa ovolosi yothimbirira ndi amene angabe, ndipo ine wa ma semesita anayi sindingalakwe. Sindikanayerekeza kufunsa lekichala funso ngati limenelo pagulu, ngakhale amene anataya pepala langa la mayeso.

Ndinapepesa pomwepo, koma mawu oneneza ndinawanena mokweza, opepesa ndinawanena chapansipansi. Bambo atatuluka m'chipatala anali atamva kale, nkhani za m'minibasi sizichedwa. Sanandikalipire. Anangoti ulendo wina ndidzapite ndi zovala zakale, ndikagone pansi pa galimoto ndimasule ndekha bawutiyo.

Ndinapitadi sabata yatha, sukulu isanatsegulidwe. Oyilo wofunda ananditsikira m'mkono mpaka m'khwapa, ndipo ndinaiwala kupaka kaoyilo pa labala ya fyuluta mpaka amakanikowo anandikumbutsa. Anyamata awo ndi amene sanaiwale kanthu. Pagalaja ponse tsopano dzina langa ndi Dipisitiki, ndipo ndikangotulukira pakona amayamba kufunsana ngati wina waona oyilo wa abwana.